Mng'ono wanga akugona m'khitchini kumudzi: ndimumangire nyumba kapena ndimutengere kuno ku Joni?

Mlomwe_wa_Diepsloot
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mng'ono wanga kumudzi ku Phalombe, mutu wake unayamba kusokonekera ali ku sekondale. Nthawi zina amakhala bwinobwino, kulima amalima, kucheza amacheza, koma zikamuyamba amayankhula yekha usiku wonse, kenako n'kutuluka kumayenda mumsewu. Chamba nachonso amasuta, sindibisa. Mayi ali moyo anali ndi chipinda chake m'nyumba mwawo. Nyumba ija inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, mayi anatisiya chaka chotsatira, ndiye pakhomo patsala achemwali anga ndi amuna awo. Alamuwo akuti sangagone nyumba imodzi ndi munthu wotere, ana amaopa. Panopa mnyamatayo akugona m'khitchini limodzi ndi nkhuku, denga lodontha. Ndinatumiza ndalama za malata, anaguladi, koma mwezi usanathe ena anasowa. Achemwali akuti wagulitsa ndi iyeyo, iye akuti ndi alamu. Mvula ili pafupi. Kodi ndilimbe mtima ndimumangire kanyumba kake, kapena ndingomutenga adzakhale nane kuno komwe zipatala zilipo?

Mayi_a_Mayfair
Kuno ayi, achimwene. Chilichonse chitani koma kuno ayi.

TaxiRankBoy
Munthu wosuta chamba kumubweretsa ku Diepsloot? Pofika Khrisimasi adzakhala ali pa nyaope, mankhwala osokoneza bongo a kuno aja. Kenako mudzasowa ketulo, foni, mpaka chitseko cha mkukhu, kachisakasa ka malata kamene mumagonamo.

Mlomwe_wa_Diepsloot
Si wakuba mng'ono wanga. Tiyankhule mwaulemu.

TaxiRankBoy
Pepani akulu, sindikunyoza. Ndikunena zimene ndimaona pa renki tsiku ndi tsiku. Anyamata amene amagona pansi pa milatho m'tauni muno ena ndi akwathu, anabwera ali bwinobwino.

NesiWakale
Achimwene a ku Diepsloot, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ndinagwirapo ntchito pa chipatala chaching'ono kumudzi ndisanabwere kuno kudzasamalira agogo a eni ake, ndiye ndiyankhako motalika pang'ono.

M'nkhani yanu simunatchule mankhwala. Anapitako kuchipatala? Chifukwa mukamanga nyumba munthu asakumwa mankhwala, nyumbayo sagonamo. Munthu akamamva mawu omuuza kuti m'nyumba muli anthu ofuna kumupha, amathawa ngakhale nyumba ya malata ndi simenti n'kukagona kumanda. Anthu ambiri amaganiza kuti thandizo lili ku Zomba Mental kokha, ndiye akawerengera thiransipoti amangogwa ulesi. Yambirani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Iyeyo akaona kuti zakula ndi amene amatumiza ku Zomba. Ku Zomba kumeneko sikokhala mpaka kalekale, munthu akakhazikika amamutulutsa n'kubwerera kumudzi komwe kuja, kukhitchini komwe kuja. Apa ndi pamene ambiri amagwanso.

Kwa anthu ovuta kumwa mapiritsi tsiku lililonse pamakhala jekeseni wobaya kamodzi pa milungu ingapo. Kafunseni ngati alipo, poti mankhwala m'zipatala zathu amatha. Komanso muwauze achemwali kuti mankhwalawa ena amagonetsa, ena amaumitsa khosi kapena kunjenjemeretsa manja. Zikatero asamusiyitse, abwerere naye kuchipatala akasinthe. Ndaona mabanja ambiri akutaya mapiritsi m'chimbudzi ati akumuonjezera misala.

Mlomwe_wa_Diepsloot
Anagonekedwapo ku Zomba mayi ali moyo, anabwerako ali bwino ndithu mpaka ananenepa. Ankamukumbutsa mankhwala ndi mayi. Chimwalirireni palibe amene wapita naye.

NesiWakale
Ndiye mwaona. Chimene chinagwa pakhomo panu si nyumba yokha.

Kapitawo77
Ine ndine mmisiri, ndimamanga ku Midrand. Kachipinda kamodzi si nkhani yovuta. Koma musaumbe zidina n'kumangira zosaotcha, kumeneko ku Phalombe madzi mukuwadziwa. Zambiri zimene zinagwa ndi Freddy zinali za zidina, khoma limamwa madzi kuchokera pansi n'kungokhala phala. Njerwa zootcha, maziko okwera, simenti ngakhale m'mizere ya pansi yokha. Malata musagule n'kusunga. Agulidwe tsiku limene mmisiri ali padenga, akhomedwe tsiku lomwelo. Lata lokhoma kale ndi lovuta kugulitsa, la pansi pa bedi limayenda lokha.

NaBanda_Rosettenville
Funso langa ndi lakuti mumanga pa malo a ndani? Kwanu ndi kwa chikamwini ngati kwathu ku Chiradzulu. Malo ndi a mbumba, kutanthauza achemwali anuwo ndi ana awo. Mwana wamwamuna amayembekezeka kuti akakula akakwatira, akamange kwa mkazi. Tsono wodwala chonchi adzakwatira liti? Amangokhala mlendo pakhomo pamene anabadwira. Akakhala mnyamata amagona m'gowelo ndi anzake, anzake aja akakwatira amatsala yekha, gowelo likagwa palibe amene amaona kuti ndi udindo wake kulidzutsa.

Ndikunena chifukwa zinachitika kwa malume anga. Tinasonkha, tinawamangira ya zipinda ziwiri, yabwino. Atadwalanso n'kupita nawo kuchipatala, pobwera anapeza mwalowa mdzukulu wawo amene anali atangokwatiwa kumene. Ati nyumba yabwino chonchi singakhale ya munthu wongoyenda m'misewu. Malume anabwerera m'chisakasa cha fodya. Ife tili kuno timangomva pafoni, titani?

Ndiye musanagule njerwa ngakhale imodzi, itanitsani mwini mbumba ndi amfumu, aloze malowo pamaso pa anthu kuti apa ndi pa uje, zilembedwe papepala, amfumu adinde. Inu musunge chithunzi cha pepalalo mufoni.

Wakumpoto_Cosmo
Izi ndiye zovuta za chikamwini. Kwathu ku Rumphi mwana wamwamuna ali ndi malo kwa bambo ake, kaya adwale kaya asadwale. Mkamwini angathamangitse bwanji mwana wa pakhomo?

NaBanda_Rosettenville
Nanga mwana wamkazi akadwala misala ali ku ukwati kwanuko amatani? Samubweza kwawo ana n'kutsala? Akafika kwawo azilongo ake agawana kale minda. Musatinamize apa.

Wakumpoto_Cosmo
Amamulandira ndithu, ndi mwana wawo.

NaBanda_Rosettenville
Kumulandira n'kumugoneka kuti? Funso ndi limenelo.

Mbuya_wa_Turffontein
Nonse mukunena zoona, ndipo nonse mukubisa. Ndakalamba ine, ndaona mbali zonse ziwiri. Kulikonse wodwala mutu amapatsidwa malo amene atsala: khitchini, khola lakale, nyumba ya malemu imene ena akuopa kugonamo. Mwambo umangosintha amene akumukana.

Mtumiki_J
Abale, tisaiwale kuti zinthu zina ndi zauzimu. Mnyamata wanzeru kusokonekera ali ku sekondale, sizachilendo zimenezo? Pitani naye kumapemphero akamasulidwe, nyumba idzabwera pambuyo.

Chemwali_wa_Yeoville
Abusa, mapemphero sindikana, inenso ndimapemphera. Koma msuweni wanga anapita naye kumalo ena otere, anakhalako nyengo yonse ya dzinja. Nditapita kukamuona ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, unyolo wa njinga kumwendo, loko wake wa pachitseko. Pamene panadutsa unyolo panali chilonda chozungulira mwendo wonse, ntchentche zili ng'waa. Ankagona pa thumba la feteleza, mvula ikabwera amamukokera pakhonde. Anamuletsa mankhwala ati ndi kusakhulupirira. Chipsera chija ali nacho mpaka lero, savala kabudula. Apemphereredwe ali kunyumba, akumwa mankhwala, akugona pouma.

Mtumiki_J
Si onse amachita zimenezo, mayi.

Chemwali_wa_Yeoville
Sindinati onse.

Mlomwe_wa_Diepsloot
Poti nkhani ya zauzimu yatchulidwa, ndinene chimene chimandiwawa kwambiri. Kumudzi anthu ena amati ndine ndinamupusitsa mng'ono wanga kuti ndilemere kuno. Ine wake uti, wogona mumkukhu, wotchetcha kapinga m'mayadi a anthu? Nditatumiza malata aja ndinamva kuti akuti mwaona, akumulipira. Ndiye ndikamanga nyumba adzati chiyani?

Mbuya_wa_Turffontein
Adzanena. Mukapanda kumanga adzatinso mwamutaya mutamugwiritsa ntchito. Pakamwa pa anthu a kumudzi simungapatseke, mdzukulu wanga, koma denga mungathe kutseka.

Zomba_Boy_011
Ine ndikusiyana nanu nonse amene mukuti asabwere. Kuno kuli madokotala. Zipatala ndi izi: Helen Joseph ili pompa, Bara (Baragwanath) ili pompa, Tara ku Sandton, Sterkfontein ku Krugersdorp. Lamulo la kuno limalola kuti munthu amene wafika poopsa agonekedwe n'kuonedwa kwa maola 72, kenako aone kopita naye. Za mankhwala osokoneza bongo kuli bungwe la SANCA. Kwathu kupatula Zomba ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli chiyani? Munthu ali ndi mkulu wake womukonda kuno, kumudzi ali ndi mlamu womuda. Bwanji akhale kwa womuda?

Mayi_a_Mayfair
Womukondayo amachoka 5 koloko m'mawa kubwera usiku. Tsiku lonse adzakhala ndi ndani? Landilodi akangomva kuti akukuwa usiku, katundu panja onse awiri. Kumudzi akayenda usiku anthu amati ndi mwana wa uje, m'bwezeni. Ku Diepsloot akalowa pa yadi ya munthu usiku, chilankhulo sadziwa, mapepala alibe, mukudziwa chimene chimachitika. Sindikufuna kuchitchula.

Zomba_Boy_011
Kumudzinso amamenyedwa, mayi. Ana amawagenda.

Mayi_a_Mayfair
Kugendedwa ndi ana ndi zimene ndikunenazi n'zosiyana.

AuntieWaKuRandburg
A Zomba_Boy, mwatchula zipatala zokhazokha, mwaiwala Life Esidimeni. Munali musanabwere? Mu 2016 boma la Gauteng linachotsa odwala matenda a maganizo oposa 1,000 kumalo a kampani ya Life Esidimeni kumene ankasamalidwa n'kuwagawa ku timabungwe, tambiri topanda ziphaso zoyenera, ati kupulumutsa ndalama. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ena ndi kuzizira, ena kusowa madzi m'thupi. A Dikgang Moseneke, jaji wopuma pantchito, ndi amene anamva nkhaniyo n'kulamula mu 2018 kuti mabanja apepesedwe ndi ndalama. Amenewo anali eni dziko, okhala ndi ma ID, abale awo ali pompano. Onse aja denga anali nalo pamutu. Chimene chinasowa ndi munthu woona ngati adya. Tsono mlendo wopanda pepala?

Komanso musaiwale kuti ndalama ya olumala ya SASSA (bungwe la boma la kuno lopereka thandizo) ndi nyumba za RDP (zimene boma limamangira osauka) si za munthu wobwera ndi pasipoti ya masiku 30. Ndipo masiku ano m'makiliniki ena mumapeza anthu aima pageti kufunsa ma ID.

TaxiRankBoy
Ndipo amene alephera renti amathera m'mabiliding'i olandidwa a m'tauni. Biliding'i ya Usindiso ku Marshalltown, August 2023, anthu 76 anafa ndi moto, akwathu analipo. Musaiwale msanga.

Bambo_a_Tadala
Ine ndiika yanga, mwina ithandiza wina. Vuto langa silinali misala, unali mowa. Ndinkagwira ntchito kuno zaka zambiri, ndinamanga nyumba ya malata kwa mkazi wanga ku Thyolo, mazenera a magalasi. Atandigwira n'kupita nane ku Lindela, kumene amasunga alendo oti abwezedwe kwawo, ndinafika kumudzi ndi jumbo yokha. Manyazi anandigwira, ndinayamba kachasu. M'mawa kachasu, madzulo kachasu. Ndinagulitsa wailesi, njinga, kenako ndinazula chitseko cha kuchipinda. Akuchikazi anakhala pansi, banja linatha, ndinatuluka ndi bulangete m'nyumba yomanga ndekha. Sindiwada, ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi.

Kwathu ndinapeza malo onse ali ndi eni ake. Ndinkagona m'mashedi a pamsika, pa mabenchi ogulitsirapo tomato, m'mawa kusesa kuti andipatse ya kabotolo. Amene anandichotsa kumeneko ndi azakhali anga, gogo wosauka. Anandipatsa kachipinda kosungiramo makasu, n'kunena mawu amodzi okha, akuti ubwere woledzera kapena wosaledzera, chitseko ichi ndi chako, koma nsima timadya limodzi pano. Sanandiuze kuti uyambe wasiya ndiye ndikupatse pogona. Akanatero bwenzi ndili pamsika mpaka lero, kapena kumanda. Munthu sungasiye mowa ukugona pabenchi, usiku kumazizira, umamwa kuti ugone.

Ndiye achimwene, musadikire kuti asiye chamba kaye. Mangani.

Kapitawo77
Ulemu wanu, bambo. Si onse angaulule chonchi.

NesiWakale
Bambo a Tadala anena chinthu chachikulu. Ndiwonjezere chenjezo limodzi kwa amene muli ndi abale a kachasu: munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Thupi limanjenjemera, ena amakomoka ngati akhunyu, ena amaona zinthu zoti palibe, ndipo akhoza kufa. Kusiya kotero kumafuna achipatala.

Dzedze_Lad
Boma linaletsa masacheti koma mowa uja unangosamukira m'timabotolo. Ndipo wa kachasu wa masiku ano akuti ena amathiramo feteleza kuti uwire msanga.

Wakumpoto_Cosmo
Chamba ndiye analoleza mu 2020, mukudabwa chiyani?

Zomba_Boy_011
Analoleza cholima ndi laisensi, cha mankhwala ndi cha mafakitale. Chosuta n'choletsedwabe kwathu. Kuno ndi kumene khoti linalola mu 2018 kuti munthu wamkulu asute kwake mseri.

Dzedze_Lad
Ndiye mnyamatayo akabwera kuno adzasuta mwaufulu, kkkk.

Admin_Achikulire
Tabwererani ku nkhani, anyamata. Munthu wafunsa za pogona pa m'bale wake.

Mai_Mphatso_Ivory
Ndafika mochedwa, ndinali kuntchito. Ife tinamangira mchemwali wathu wamkulu ku Dedza, wakhalamo zaka tsopano, ndiye ndinene zimene zinatithandiza ndi zimene zikutivutabe.

Anthu ankati timumangire kumapeto kwa munda kuti asamasokose. Mayi anakana. Kanyumbako kali pabwalo pomwepo, khomo lake lapenyana ndi khitchini, moti wophika amaona ngati watsegula kapena ayi. Dzuwa likakwera chitseko chili chotseka, wina amakagogoda. Loko ali mkati, kiyi wina amasunga mayi, kunja kulibe chokolowekera chifukwa tinagwirizana kuti palibe womutsekera ngati mbuzi. Zenera ndi la thabwa, magalasi anaswa kawiri tinaleka. Koloboyi kapena kandulo salowa m'menemo, tinagula kanyali ka sola n'kukakhomera kukhoma. Mbaula nayonso ayi. Katundu ndi wochepa dala: mphasa, matiresi okutidwa ndi pulasitiki, mabulangete awiri, ndowa. Zikamuyamba amagawa zinthu kwa aliyense wodutsa, ndiye zambiri zimakhala kwa mayi.

Chovuta ndi ichi: amene amasamala ndi mayi, ndipo akalamba. Tikakhala pansi ife ana kufunsana kuti mayi akadzapita adzatenga ndani, aliyense amayang'ana pansi. Ndiye nkhani yanuyi, achimwene, ndikuiwerenga ngati ya mawa lathu.

Chinanso, musawaone achemwali anu ngati mdani. Inu mumatumiza ndalama, iwo ndi amene amachapa, kuphika, kukapepesa kwa aneba akaswa kanthu, kudzuka usiku kukamusaka. Ife timatumiza pawiri: ya wodwala, ndi ina yapadera ya womusamala, yoti agule chitenje kapena sopo osafotokozera munthu. Chiyambireni zimenezo mafoni odandaula anachepa.

NaBanda_Rosettenville
Apa ndiye mwalasa. Mwinanso malata aja anagulitsa ndi achemwali kuti agule ufa, akuopa kunena.

Mlomwe_wa_Diepsloot
Zimenezo sindinaziganizepo. Chaka chatha kunalidi njala kwathu.

Dzedze_Lad
Nanga boma silingathandize? Kunali pulogalamu ya malata ndi simenti ija nthawi ya a Peter Mutharika koyamba.

Mbuya_wa_Turffontein
Ija inali ya theka ngongole, ndipo mayina ankalembedwa kumudzi. Ndani akanalemba wodwala misala kuti adzabweza?

NesiWakale
Chimene mungayese ndi Mtukula Pakhomo, poti cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Koma amalemba khomo, osati munthu. Mng'ono wanu akamawerengedwa pakhomo pa achemwali, pomwe pali bambo ndi mayi amphamvu, n'zovuta kuti alowe. Kafunseni kwa amfumu ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, osangokhala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nayenso mudziwane naye, mukhale ndi nambala yake. Amayenda m'midzi, akhoza kumakuuzani zoona kusiyana ndi kumva mbali imodzi.

Zomba_Boy_011
Ine ndikuonabe kuti mukumusiya m'manja mwa mlamu amene wanena poyera kuti samufuna. Pepala la amfumu silidzamupatsa nsima.

Mai_Mphatso_Ivory
Alamuwo ananena kuti safuna kugona naye nyumba imodzi. Sananene kuti achoke pamudzi. Ndipo mkamwini alibe mphamvu yothamangitsa mwana wa pakhomo ngati malume alankhula.

Zomba_Boy_011
Ngati malumewo alipo, ndipo ngati samwa nawo limodzi alamuwo.

Chemwali_wa_Yeoville
Funso limodzi lomwe palibe wafunsa: mwini wakeyo akufuna chiyani? Mwamufunsa ali bwino?

Mlomwe_wa_Diepsloot
Ndayankhula naye dzulo usiku pafoni ya neba, anali bwino ndithu. Za Joni wakana, akuti amaopa Beitbridge ndi apolisi. Akuti akufuna pamene panali nyumba ya mayi, njerwa zina zikadalipo pa bwinjapo. Wapemphanso chitseko chokhala ndi kiyi wake, poti ana amamutengera zinthu. Za kuchipatala sanayankhe, anangosintha nkhani n'kuyamba kufunsa za mpira.

Malume alipo, ali ku Migowi, ndawaimbira. Akuti apita Loweruka akaonane ndi amfumu, koma ndiwatumizire ya thiransipoti ndi kenakake kopatsa amfumuwo. Ine ndikuganiza zopita ndekha mu December, ndikamange ndili pomwepo, ndipite nayenso kuchipatala ndekha. Bwana akandilola.

Kapitawo77
December mvula idzakhala itayamba, simungaotche njerwa. Gulani zootcha kale kapena tolani za pa bwinjazo, mmisiri aone ngati zili zolimba. Pakadali pano tumizani ya pepala la pulasitiki lakuda lija, afolere khitchiniyo pansi pa udzu. Ndi yotchipa ndipo palibe amene angaibe.

TaxiRankBoy
Angaibe ndithu, amayanikira chimanga.

Mayi_a_Mayfair
Ndani akudziwa wa thiransipoti wodalirika wopita mbali ya Mulanje ndi Phalombe mwezi uno? Ndili ndi mabulangete awiri ndi jekete zomwe abwana anandipatsa, ndikufuna zipite kwa mnyamatayo. Achimwene a ku Diepsloot, amavala saizi yanji?

Mlomwe_wa_Diepsloot
Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni. Ndi wamtali ngati ine koma waonda kwambiri, ya pakatikati imukwana. Ndikutumizirani nambala kumbali.

Wakumpoto_Cosmo
Wa thiransipoti alipo amanyamuka Lachisanu pafupi ndi Park Station, koma amathera ku Limbe. Kuchokera pamenepo wina akalandire.